Chifalansa cha Bambo Rosaire

Noella Thibodeau anali atatsimikiza kale kuti zaka ziwiri zophunzira Chifalansa kusukulu zamukwanira. Makoleji amene ankawalota sankafuna zoposa apo, ndipo mtima wake unali pa masamu.

"Ukachita zinayi, dzina lako lidzawala pakati pa anzako," anatero Mayi Haskell, mlangizi wa pasukulupo.

"Dzina langa n'lachifalansa kale, mayi. Liwalenso bwanji?"

Bambo ake, a Rosaire, anali mlimi wa mbatatesi kumpoto kwa chigawo cha Maine. Chifalansa anayamwira, koma kusukulu ankalangidwa akachiyankhula, choncho atakwatira a Doreen, mkazi wodziwa Chingerezi chokha, anachitsekera kunja kwa nyumba. Noella ankachimva pokhapokha thirakitala ikakana kulira.

M'nyengo yokolola, a Rosaire anagwa m'munda ndi sitiroko. Atatsitsimuka kuchipatala, dzanja lamanja linali litafa, Chingerezi chonse chitawathawa. Chinatsala pakamwa pawo n'chinenero cha ubwana wawo basi. Ankayang'ana mkazi wawo n'kuyankhula, kubwerezabwereza, mpaka misozi. A Doreen anatembenukira mwana wawo.

"Akuti chiyani? Si umaphunzira zimenezi iwe?"

Noella anangotolapo mawu akuti madzi ndi kuzizira. Zina zonse zinamudutsa.

Sabata yotsatira anakapempha kubwerera m'kalasi la Chifalansa. Masana ankaphunzira cha m'mabuku, madzulo n'kukachiyesa pa bambo ake, omwe ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

"Ukuyankhula ngati wansembe," ankatero. "Kwathu sititero. Tabwereza."

Pang'onopang'ono anayamba kuwamva. Anadziwa za mlongo wawo amene anamira mumtsinje ali wamng'ono, nkhani yomwe ngakhale a Doreen sankaidziwa. Nkhani za m'nyumba zonse zinkadutsa mwa iye: za mankhwala, za munda, ngakhale mikangano.

"Uwauze kuti supuyu alibe mchere," bambo ake ankatero.

"Uwauze kuti adokotala analetsa," amayi ake ankayankha. " Akafuna mchere akadziphikire."

Chaka chomaliza chitayandikira, Mayi Haskell anamuitana. Kalasi lachinayi la Chifalansa linkagundana nthawi ndi masamu apamwamba, amene koleji yaikulu ya uinjiniya inkayang'ana kwambiri. Anayenera kusankha chimodzi.

Anawafotokozera bambo ake akuwameta ndevu pakhonde.

"Tenga masamu," iwo anatero. "Ine ndine wa lero ndi mawa. Usadzimange chifukwa cha ine."

"Nanga inu mukafuna kunena zakuya, ndimve theka?"

"Theka n'lambiri. Amayi ako anandimva theka moyo wonse, sanathawe."

Noella sanaseke. Anapukuta lumo, nalowa m'nyumba.

Anasankha Chifalansa. Koleji yaikulu ija sinamutenge. Anapeza malo ku ina yaing'ono, yoyandikira kwawo. Zinamuwawa, ndipo sanabise. Kwa masiku angapo ankangowapatsira mankhwala bambo ake osakhala nawo pansi.

A Rosaire anamwalira chipale chofewa chitayamba kusungunuka. Masana a tsiku lawo lomaliza anagwira dzanja la mkazi wawo nayankhula nthawi yaitali, mopumira. Noella anakhala m'mphepete mwa bedi, namasulira chiganizo chilichonse, ngakhale zija zomwe mwana sayenera kumva. Atamaliza, a Doreen anayang'ana Noella.

"Tandiuza mmene ndinganenere kuti ndamva," anatero.

Noella anawauza. Iwo anawerama, nanena mawuwo mokhotakhota, ndipo a Rosaire anagwedeza mutu.