Vavu ya Pamita

"Mwazimitsa kaye magetsi a giza?" namwino anafunsa atagwirira makwerero.

"Ndazimitsa, achemwali," anayankha mlongo wake wamng'ono ali m'siling'i. "Kukhuthula madzi magetsi ali oyaka, giza imapsa."

Maliro a bambo awo anali atatha, achibale atabalalika. Banja linagwirizana kuti nyumba itsekedwe, pasakhale wogonamo, mpaka onse adzakumanenso kudzakamba za mwini wake. Namwino, mwana woyamba wa malemu, ankagwira ntchito kutali ndipo basi yake inali ya madzulo omwewo. Mlongo wakeyo ankachita lendi pafupi, m'kanyumba kothina, ndi mkazi ndi ana.

Chomwe chinkamudya mumtima namwino chinali changu cha mwamunayu. Munthu woti pa unyamata wake sankatsuka ngakhale kapu, lero ndiye wadzipereka kutseka madzi yekha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Namwino anamutsata chipinda ndi chipinda. Mlongo wake analumikiza paipi ya rabala ku giza, thanki yotenthetsera madzi, madzi otentha n'kumatsikira m'ngalande ya kuseri akufuka nthunzi. Anatsegula mipopi ya kubafa ndi kukhitchini mpaka inasiya kudontha, n'kugejemula chimbudzi kuti thanki yake iume. Kenako anaika sipanala pansi, napukuta manja pa thalauza, natola makiyi.

"Nanga vavu ya pamita ya madzi?" namwino anafunsa.

"Ndatseka ya nyumba, ili kuseri kwa khitchini. Ya pamita isiyeni."

"Chifukwa?"

"Ingoisiyani, achemwali."

Basi, nkhani inali yomweyo. Ndani amasiyira madzi nyumba yopanda munthu, ngati iye mwini sakufuna kulowamo anzake akangotembenuka?

"Achimwene," anatero namwino mozizira, "ngati mwakonza zosamukira muno, nenani bambo asanazizire m'manda. Musatipusitse ndi sipanala."

Mlongo wake anamuyang'ana nthawi yaitali, maso atafiira. Anaika makiyi pawindo n'kukakhala pakhonde.

Namwino anapita yekha pamita, pafupi ndi geti. Anagwada, napotokola vavuyo mpaka zala zinawawa. Ali chigwadire anaona kapaipi kena kochokera pamitapo, kokwawa m'mbali mwa mpanda n'kutulukira kunja pa kabowo. Kodi ayamba kale kugulitsa madzi?

Anatuluka pageti, nazungulira mpanda. Kumbali ya msewu kunali kampopi, ndipo pa msomali pankalendewera kapu ya pulasitiki yomangidwa ndi chingwe. Pansi pake panali njerwa ziwiri zosanjikiza, zoti wamfupi aponderepo. Mayi wina wogulitsa nthochi, atatula dengu lake, ankapotokola mpopiwo uku ndi uku. Sunkatulutsa kanthu.

"Pepani ndi zovutazi," mayiyo anatero atamuona. "Ndimadziwa kuti atseka. Palibe kanthu, tamwa zaka zambiri."

Namwino manyazi anamukwera mpaka m'makutu.

Mlongo wake anali atafika pageti. "Mpopiwu bambo anauika okha, chaka chija anapuma ntchito," anatero motsitsa. "Ali m'chipatala anandiuza kuti nditseke zonse, koma wa kunja ayi. Amati msewu uno ndi wautali ndipo ulibe mthunzi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa muli ndi yankho kale, achemwali."

Namwino anabwerera pamita. Vavu ija anali ataimanga kwambiri moti inakana kubwerera, mpaka mlongo wake anagwada pambali pake n'kuika dzanja pamwamba pa lake. Kunja kwa mpanda mpopi unatsokomola, madzi n'kuyamba kutuluka.

Mayi wa nthochi atamwa n'kusenza dengu lake, namwino anatsuka kapu ija mkati ndi kunja, naikoleka chozondotsa pa msomali kuti isalowe fumbi.