Kafukufuku wa Selestina, Dzina la Aubrey

Uthenga wa a Goliati, mphunzitsi wake wa ku yunivesite, unamupeza Selestina ali pasukulu ya pulayimale kwa Mpama kumene amaphunzitsa. Makina ofufuza zobera anali atapeza pafupifupi kafukufuku wake yense pa intaneti, ataikidwapo kale ndi munthu wina. Lachisanu ayankhe mlandu pamaso pa komiti kudzera pa foni. Akalephera kufotokoza, digiri imene anaikhetsera thukuta akuphunzira ali kunyumba ithera pomwepo.

Anayenda yekha mudzi ndi mudzi kufunsa atsikana osiya sukulu, ndiye lero akhale wakuba? Atatsegula tsamba la pa intanetilo, anafufuza amene anaikapo. Pansi pa mutu wa kafukufukuyo panali dzina la Aubrey, mwamuna wake.

Aubrey ankagulitsa nyama ya mbuzi pa Namadzi, ndipo m'thumba la malaya ake simunkasowa cholembera. Msika wonse unkadziwa kuti mkuluyu anafika Folomu 4, poti ankanena yekha ngakhale osafunsidwa. Selestina yekha ndiye ankadziwa kuti analekezera Sitandade 5, ndiponso kuti inki ya cholemberacho inauma kalekale.

Atamupanikiza, Aubrey anaulula. Muja Selestina ankadandaula za buku lina losowa loti amalizitsire ntchitoyo, iye anapita kwa Stewart wa fotokope. Stewart analipeza pa tsamba lina, koma eni tsambalo ankafuna msinthano: uikepo cholembedwa chako, ndiye utenge chawo. Aubrey anangopereka fulashi ya kafukufuku uja imene mkazi wake anamutuma kukasindikiza, Stewart n'kutsegula akaunti m'dzina la Aubrey. Bukulo analibweretsa kunyumba monyadira ngati wagula njinga. Selestina anapsa mtima, koma kukalipa kunamukanika, chifukwa bukulo linamuthandizadi.

Kwa Mpama netiweki ndi yachibwana, choncho Lachisanu anakhala m'sitolo ya Stewart. Foni inali pa sipika, ndipo anzake a Aubrey a pamsika anaunjikana pakhomo, paja za eni n'zokoma. Selestina anafotokoza zonse. Komiti inamvetsera, kenaka mayi wina wa m'komitiyo anafunsa modekha:

"Dzina lili apa ndi la amuna anu, ndipo linaikidwa inu musanapereke ntchito. Titsimikiza bwanji kuti si iwo anakulemberani?"

Yankho Selestina anali nalo, koma linali loti akalitulutsa, mwamuna wake avulidwa pagulu. Anayang'ana pakhomo paja, anayang'ana pansi. A Goliati anamukumbutsa kuti komiti ikudikira. Komabe iye sanafune kumuulula mwamuna wake.

Aubrey anavula chipewa n'kusendera pa foni.

"Pepani akuluakulu. Ine sindingalembe zimenezo. Ndinalekeza Sitandade 5. Chizungu chimandipita."

Mayi uja anamupempha kuti awerenge mutu wa kafukufukuyo. Aubrey anayesa. Liwu loyamba analidutsa mokwawa, lachiwiri linamugwetsa. Pakhomo wina anaphulika kuseka, anzake n'kumutsina, koma anali ataseka kale.

Komiti inakambirana pang'ono. A Goliati anati zamveka, Stewart achotse kafukufukuyo pa tsambalo lero lomwe, ndipo Selestina adzavala gauni limodzi ndi anzake.

Selestina anapumira m'mwamba, koma chimwemwe chake chinali cholemera. Potuluka, anthu anawapatukira. Atafika pamsewu, Aubrey anasolola cholembera chija n'kuchiika m'dzanja la mkazi wake.

"Tengani, mayi a Linda. Mukagulire inki, inu chikugwirirani ntchito."

Anabwerera ku benchi lake la nyama, m'thumba muli pululu, anzake akumudikira.