Cholengedwa Chopanda Nkhope

"Ine sindilowa m'chimenechi," anatero Galasi, akukankha nsaluyo ndi nsonga ya nsapato. "Ndi chovala chimenechi, kapena tenti yagwa ndi mphepo?"

Linali Loweruka masana m'holo imene gulu la zisudzo linkakonzekereramo, kutatsala sabata imodzi kuti sewero lionetsedwe. Anzake ankamutcha Galasi chifukwa sankadutsa pawindo la galimoto osakonza kolala. Ndiye anali katswiri wa gululo, ndipo anali atalonjezedwa kuti adzakhala mfumu ya zolengedwa za dziko lina lakutali m'mlengalenga.

Mayi telala, amene anasoka chinthucho, sanadzuke n'komwe pampando. Anachotsa mapini pakamwa mosapupuluma.

"Mukachikankhanso ndi phazi, bambo, mukasoka nokha china. Pamenepo papita masabata atatu anga."

Mlongo wawo wamng'ono, yemwe analemba seweroli ndipo ankalitsogolera, anangoima pakati pawo akukanda mutu. Iye ndi amene anayambitsa zonsezi. Tsiku lina anapita kushopu ya achemwali akewo, kumene ankasoka mayunifomu ndi madiresi aukwati, atanyamula chithunzi chimene anajambula yekha: munthu wobiriwira wa mutu waukulu, maso ngati mbale, tinyanga tiwiri pamwamba. Mayiwo anachiyang'ana, nachitembenuza chadodolido, nachiyang'ananso.

"Awa si amalume athu atavala poto kumutu?"

"Ndikufuna chinthu chimene munthu sanachionepo, achemwali."

"Ndiye si ichi. Tandiuzani, dziko lawolo ndi lotani?"

Anamufunsa ngati mmene ankafunsira mkwatibwi asanadule nsalu. Mlembiyo anafotokoza kuti kulibe dzuwa, ndi mdima wokhawokha. Mphepo yake imagubuduza miyala, ndipo pansi ndi potentha ngati simbi.

"Nanga maso aakuluwa aona nawo chiyani mumdimamo? Wamtali chonchi, mphepo yanuyo siimugwetsa? Mapazi awiri okha pansi potentha, lina lipuma nthawi yanji?"

Mlembiyo anali pachangu tsikulo. Anangoti, "Pangani mmene mukuonera, achemwali," n'kutuluka.

Tsopano zimene mayiwo ankaonazo zinali pansi pamaso pa gulu lonse. Anali atalumikiza maneti atatu a udzudzu n'kuwanyika mu utoto wotuwa. Mkati anamangamo nthiti za maambulera akale ndi paipi yothirira maluwa, pamwamba n'kusokerera zotsala za madiresi aukwati. Chinthucho chinali chachifupi, chotambalala, chopanda mutu, chopanda nkhope. Munkalowa anthu atatu atapatsana misana, atawerama, lamba mmodzi atawazungulira m'chiuno. Miyendo inali isanu ndi umodzi, kuti ina ikaponda ina izizizira. M'mbali monse munalendewera tizingwe topyapyala tomvera mphepo m'malo mwa maso.

"Apongozi anga akubwera kudzaonera," anatero Galasi. "Ndawauza kuti ndine mfumu. Adzaona chiyani? Maondo anga?"

"Maondo anu si oipa, a Galasi," anatero namwino, mmodzi wa osewerawo, ndipo dalaivala amene anakhala pambali pake anaseka mpaka kutsokomola.

"Sekani. Nanga mawu anga a masamba awiri aja ndilankhulira pati? Pakamwa palibe!"

Mlembi anakokera achemwali ake pakona, pafupi ndi mipando yosanjikizana.

"Boolani kabowo kamodzi kokha, nkhope yake izioneka," ananong'ona. "Uyu akachoka, sewero lafa. Chithunzi chake tamata kale m'misewu monse."

"Ndikaboola, chasanduka munthu wofunda neti," anayankha mayiwo osatsitsa mawu. "Achimwene, ndinakusambitsani muli khanda, ndimakudziwani. Mumayamba ndi mtima waukulu, munthu akakwinya nkhope inu n'kubwerera. Alowemo kamodzi, inu mukhale kumbuyo uko muone. Chikakhala choseketsa, lumo ili, mudzaboola nokha."

Galasi anavomera, koma anati akulowa kuti onse aone mmene chinthucho chikuchititsira manyazi. Namwino ndi dalaivala analowa naye. Mayiwo anawamanga lamba, napatsa aliyense chingwe chotsegulira ambulera.

"Palibe wotsogolera," anawauza. "Lamba akakoka, tsatirani. Musathamange. Pumani pamodzi."

Poyamba anapondana, ndipo mkatimo munamveka mawu osayenera kunenedwa pamaso pa akuluakulu. Kenako anagwirizana. Chinthucho chinadzuka pang'ono, chinafufuma mbali imodzi, chinaphwa mbali ina. Chinayenda cham'mbali, n'kuima, n'kuyenda kwina osatembenuka. Tizingwe tija tinkanjenjemera.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, ndipo bambo wosamalira holoyo analowa ndi tsache ndi mulu wa makiyi. Anali nkhalamba imene inaona masewero ambiri, ya mizukwa ndi ya zilombo, osaphethira. Ulendo uno anaima. Anayenda pang'onopang'ono kuchizungulira chinthucho, akusuzumira uku ndi uku. Anachizunguliranso kachiwiri.

"Pepani," anatero motsitsa mawu. "Ndimati ndinene kuti ndikutseka faifi koloko. Koma ndilankhule mbali iti?"

Ambulera ya kufupi naye inatseguka pang'onopang'ono, ndipo bamboyo anabwerera m'mbuyo, tsache ali nalo pachifuwa.

"Kodi chikundiona chimenechi?"

Mlembi anasisita mikono yake, tsitsi litamuimirira. Anatulutsa cholembera n'kulemba funsolo pachikhatho, chifukwa analibe nthawi yofunafuna pepala.

Galasi anatuluka thukuta lili kamukamu, kolala itapindika.

"Mwaona? Tsopano tengani lumo."

"Sitiboola," anatero mlembi. Mawu ake anamveka mpaka kumapeto kwa holo, ndipo ngakhale achemwali ake anatukula mutu. "Ndinalakwa ndine. Ndinalemba mfumu yolankhula ngati phungu pamsonkhano. Chinthu ichi sichingalengeze nkhondo. Anthu athu atsika m'chombo cha m'mlengalenga, achipeza, ndipo sadziwa ngati chawaona, ngati chakwiya, ngati chikuwapatsa moni. Sewero lake ndi limenelo."

"Ndiye ine ndapita."

"Dikirani. Mkulu wa chombo ndimasewera ndine. Tengani malowo. Nkhope yanu izioneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mantha onse a m'seweroli adzakhala pankhope imeneyo. Ine sindingathe. Inu mungathe."

Galasi anakonza kolala. Anayang'ana chinthu chija, chimene tsopano chinali chitaphwa mbali imodzi.

"Chipewa cha mkulu wa chombo chili ndi galasi kutsogolo?"

"Ndilichotsa," anatero mayi telala. "Apongozi adzaona mpaka ndevu."

Nkhani imeneyo inatha, koma namwino anasuzumira kunja kwa neti.

"Nanga wachitatu muno? Awiri sitingachinyamule."

Mlembi anayesa kulowa, koma anali wamtali kwambiri, msana wake unatumphuka pamwamba ngati linunda. Osewera ena onse anali ndi mbali zawo kale. Anayang'ana wosamalira holo, koma bamboyo anapukusa mutu n'kuyamba kusesa kutali.

Mayi telala anadzuka. Anaima pambali pa namwino, nayerekeza mapewa awo ndi dzanja. Kenako anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pansi pa mpando.

"Achemwali! Inu? Simunakwerepo pasiteji chibadwire."

"Ndani adzadziwa kuti ndine?"

"Nanga miyendo yanu ipirira?"

"Miyendo imeneyi yapalasa makina osokera zaka makumi atatu. Gwirani tepi yoyezerayi, musaitaye."

Anawerama n'kulowa. Panamveka phokoso la lamba akumangidwa, kenako mawu awo ali mkati.

"Tiyambe ndi mwendo wakumanzere."

"Kumanzere kwa ndani, mayi?" anafunsa dalaivala.

Mayiwo anakoka lamba pang'ono.

"Zoona. Muno mulibe kumanzere. Mverani lamba basi."

Chinthucho chinafufuma, chinadzuka, n'kuyamba kuyenda molunjika kumene kunaima Galasi, ndipo iye, asanauzidwe ndi munthu, anayamba kubwerera m'mbuyo.