Singano Yotsalira M'mutu mwa a Maggie

Eneless anawerenganso singano zija kachitatu, koma zinali khumi ndi imodzi basi. Iye anali atabaya khumi ndi ziwiri pathupi la a Maggie, mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta amene mutu ndi khosi zinkawasowetsa mtendere. Magetsi anazima ali mkati mozula, ndiye anamaliza ntchitoyo mounikira ndi foni. Tsopano a Maggie anali atakwera kale minibasi, ndipo foni yawo inali yozima.

Kiliniki yomwe Eneless ankagwirako ntchito inali ku Matero, mwini wake a Whyson, katswiri wowongola misana ndi manja. Eneless anapatsidwa kachipinda kakumbuyo, momwe ankachiza ululu pobaya anthu tisingano topyapyala ngati tsitsi. Chaka chimenecho kwacha inali itagwa, ufa utakwera, ndipo odwala ambiri ankangopirira nayo misana yawo kunyumba.

"Ba Whyson, nyeleti imozi yasala mumutu mwa Ba Maggie, kumbuyo, mu sisi," anatero Eneless.

A Whyson anayamba atseka chitseko, ngakhale kuti pabenchi panja panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Izagwa yeka. Imwe nkalani chabe zii. Bantu bakamvera ati kuno timasiya manyeleti mumitu, nindani azabwera? Kiliniki ikafa, bana banu muzabapikira nyeleti zamene izo? Mukakamba, na nchito muibaleko."

Eneless anachita mantha, ndipo mantha anamupambana. Ntchito inali yosowa ngati madzi a pampopi, iye ali ndi ana awiri a pasukulu. Anaweruka osanena kanthu kwa wina aliyense.

Koma mlandu suola. M'mawa mtima unamukana kukwera basi ya ku Matero, nalowera ku Kanyama komwe a Maggie ankakhala, akudumphadumpha panjerwa zimene anthu anandandalika m'madzi a mvula. Atafika kwa a Maggie anapeza khamu. Pamatope panali mphasa, poto ndi chikwama chong'ambika zipi. Pambali pake panakhala mayi wokalamba, maso ali pansi.

"Chachitika ni chani?" Eneless anafunsa mayi wina wobereka mwana.

"Simunamvere? Mailo bazimai ba kuchechi banabwera kupempherera mutu wa Ba Maggie. Pomuika manja, wina alasiwa. Kuona, ni nyeleti! Ati baituma ni bapongozi babo aba, Ba Felistus. Chibwerere kuchoka ku Katete, mutu wa mwana wabene siusila. Bagona panja, mwana wabo Rex ndiye wabapisha."

 Pakhomo panaima a Rex, amuna a Maggie, atanyamula singano ija m'kabotolo, akuionetsa kwa aliyense ngati chikho cha mpira. Kumbuyo kwawo kunali a Maggie. Iwo atamuona Eneless anapukusa mutu pang'ono, kumupempha ndi maso. Kutchalitchi kwawo chilichonse cholasa khungu ankachitcha mphini za asing'anga, choncho a Maggie ankapita kukiliniki mobisa, amuna awo osadziwa. Anaona kuti bola apongozi atchedwe mfiti kusiyana n'kuti iwo aulule.

Eneless akanatha kubwerera, ndipo palibe akanamufunsa. M'malo mwake anatsegula chikwama chake, natulutsa kapaketi komata ka singano, nakang'amba anthu akuona.

"Ba Rex, linganizani iyi na yamene muli nayo."

Zinali zofanana ndendende, mpaka kachigwiriro kake kofiirira.

"Nine ninabalasa Ba Maggie mailo, kukiliniki, kuti mutu upole. Malaiti yanayenda, naibala imozi. Mulandu ni wanga. Ba mayo aba sibaziba chilichonse."

Khamu linayamba kung'ung'udza. Ena anabwerera m'mbuyo ngati kuti ufiti uja wangosamukira mwa iye. Mayi wobereka mwana uja anaseka. "Kanshi mfiti ni malaiti?"

A Rex sanaseke. Anayang'ana akazi awo, omwe anaphimba nkhope ndi chitenje, kenaka anafunsa Eneless dzina la kilinikiyo ndi la mwini wake. Iye anatchula zonse, akudziwa bwino kuti dzuwa lisanalowe a Whyson adzakhala atamva.

"Amama, ngenani munyumba," anatero a Rex ndi mawu otsika, atatola poto.

A Felistus anadzuka movutikira, zovala zitanyowa mbali imodzi. Analanda poto uja m'manja mwa mwana wawo, namuika m'chikwama. Mwanayo sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa Eneless.

"Mwachita bwino, mwananga. Koma mukadabwera dzulo, sindikadamva mwana wobala ndekha akunditchula mfiti. Basi za ku Katete amakwerera kuti?"

 Eneless anasenza chikwama chija pamutu, natsogola, akuwalozera gogoyo njerwa zoti apondepo.