Mpata wa Timabokosi Tisanu

Mayi Shiraishi anatsika sitima ya pamtunda mumzinda wa Osaka dzuwa lili paliwombo, bulauzi itamata kumsana ndi thukuta, ndipo anali atapsa kale mtima asanaonane ndi munthu. Musati mtimawo unayamba kupsa tsiku limenelo. Unali utatha zaka makumi atatu ndi zisanu uli pamoto, chifukwa cha kabokosi kamodzi kokha.

Ali mtsikana ankagwira ntchito pa kakampani kena kopanga magemu a pa TV, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya njinga. Masiku amenewo gemu inkayambira papepala la timabokosi. Iwo ankakhala ndi pensulo ndi labala n'kumajambula njira yonse: denga apa, chingwe choyanikapo zovala apa, khwangwala apa. Akamaliza ankapereka mapepalawo kwa a Hokazono, amene ankasandutsa kabokosi kalikonse kukhala nambala n'kulowetsa m'makina.

Gemuyo inali ya Gonta, kabambo kakafupi ka mpango kumutu, kothamanga pamadenga a tawuni katanyamula thireyi ya tofu atatu, chakudya chofewa cha soya chosachedwa kuphwanyika. Batani limodzi linali lodumphira, lina lowerama khwangwala akamabwera. Ukatera moipa, tofu mmodzi ankaphwanyika. Atatu akatha, basi, kayambirenso kusitolo. Ulendo wonse unali wa magawo asanu ndi atatu, ndipo mapeto ake kunali kukapereka tofuyo kukachisi wa paphiri.

Gonta ankadumpha timabokosi tinayi. Ngakhale ukanikize batani mpaka chala chichite matuza, tinayi basi. Koma kumapeto kwa gawo lachisanu kunali mpata wa timabokosi tisanu pakati pa madenga awiri, ndipo chitulukire gemuyo palibe mwana wa munthu anawolokapo. Kuseri kwa mpatawo kunali magawo atatu omaliza, amene Mayi Shiraishi anawajambula ndi mtima wawo wonse, ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene anagwirapo. Anawapereka sabata imene ankasiya ntchito kuti akakwatiwe, monga ankachitira atsikana onse nthawi imeneyo. Analandira maluwa, anawerama, n'kupita ku Niigata. Kaseti ya gemuyo inawapeza kumeneko pa positi, ndipo iwonso, mwiniwake wa madengawo, anagwera mumpata momwemo.

Ana awo atakula ankawaseka kuti amayi anapanga gemu yabodza. Zinkawawa, osabisa. Chaka chilichonse ankatumizira a Hokazono khadi ya chaka chatsopano, pansi pake atalembapo liwu limodzi: "Tinayi." Munthuyo ankayankha ndi khadi ya chithunzi cha nsungwi, yowafunira moyo wathanzi. Pali anthu ena oti ukakwiya nawo umangotopa wekha.

Tsopano kampani ina inkafuna kutulutsanso magemu akale, ndipo mkulu wa ntchitoyo, Mayi Nagamine, anaitana awiriwo kuti adzacheze. Mayi Shiraishi sanabwerere macheza. Anabwerera kuti mpata uja ukonzedwe, anthu aone magawo awo atatu iwo asanafe.

A Hokazono anali atafika kale. Anali ataonda, tsitsi litathawira kunkhongo, koma chizolowezi chokoka mpweya m'mano asanalankhule chinali chomwecho. Panali kuwerama, kupatsana timaphukusi ta makeke, kufunsana za mawondo. Mayi Nagamine anathira tiyi wozizira wa balere n'kuyamba kufotokoza mmene ankaikondera gemuyo ali kamtsikana. Mayi Shiraishi anapirira mpaka theka la kapu, kenako anatulutsa pepala lachikasu m'chikwama n'kuliyala patebulo.

"Kope yanga ndi iyi. Werengani, akulu. Magalasi muli nawo."

A Hokazono anakoka mpweya m'mano. "Mwasunga bwino pepalali."

"Sindinafunse za kasungidwe. Ndi tingati?"

"Tinayi."

"Nanga mugemu?"

"Eee, kwatentha chaka chino."

"Mwamva, Mayi Nagamine? Munthu wamkulumkulu ndikumufunsa timabokosi, iye akundiuza za dzuwa. Inu konzani basi. Ndi nambala imodzi. Faifi mufufute, mulembe folo. Ngakhale mphaka akhoza."

Mayi Nagamine anamwetulira, manja ali pamaondo. "Zimenezo ndiye n'zovutirapo pang'ono, mayi. Tiganizira."

Mayi Shiraishi sanabadwe dzulo. Ankadziwa kuti munthu wa muofesi akati tiganizira, nkhani yafera pomwepo.

"Chovuta n'chiyani?"

"Anthu amaukonda mpatawo, mayi. Gemuyi imadziwika ndi umenewo. Amajambula makanema akugweramo, amapikisana kuti agwe mokongola ndani. Tasindikiza kale malaya, pachifuwa pali Gonta ali m'malere." Anatulutsa amodzi m'kabati, opindidwa bwino. "Awa ndi anu."

Mayi Shiraishi anawayang'ana malayawo monga munthu ayang'anira nsomba ya dzana. Manyazi awo a zaka zonsezi, anthu awavala pachifuwa n'kumayenda nawo mumsewu!

"Chabwino. Gulitsani malaya anuwo. Koma ine sindinyamuka pampando uno ndisanawoloke. Makina si awo ali pakonawo? Akulu, kasintheni. Ndiwoloke kamodzi, ndione ntchito yanga ndi maso, ndizipita."

"Musatero, a Shiraishi."

"Chifukwa?"

"Ndangoti musatero."

"Mwandikaniza zaka sate faifi. Lero ayi."

Mayi Nagamine anayang'ana a Hokazono, a Hokazono anayang'ana kapu. Kenako anadzuka pang'onopang'ono ngati wopita kukazula dzino, nakhala pamakinapo. Sanafunefune n'komwe malo a nambala ija. Zala zinapita zokha, anagogoda kawiri, n'kupereka chosewerera cha mabatani kwa Mayi Shiraishi ndi manja awiri.

Kanyimbo ka gemuyo kanayamba, kotsinina ngati udzudzu, ndipo Gonta anatulukira kumayambiriro kwa gawo lachisanu. Mayi Shiraishi anakhala tsonga. Zala zinali zitauma ndi ukalamba, moti khwangwala woyamba yemweyo anawagwetsera tofu.

"Muwerame msanga," anatero a Hokazono.

"Khwangwala ameneyo ndinamuika ndine. Musandiphunzitse."

Anawagwetseranso kachiwiri. Ulendo wachitatu anakodwa pachingwe cha zovala, Gonta n'kuzungulira ngati pepala. Anatsonya, napukuta manja pasiketi, n'kuyambiranso. Mayi Nagamine anali atasiya kumwetulira. Ulendo wachisanu anadutsa akhwangwala onse, anadumpha mphaka wogona padenga, anakwera thanki yamadzi, ndipo denga lomaliza linaoneka. Anathamanga, anakanikiza batani pamphepete penipeni, Gonta anauluka n'kutera tsidya linalo, tofu ali bwinobwino.

"Ehee!" anakuwa, osasamala kuti ali muofesi ya eni. "Mwaona? Tinayi!"

Gonta anayenda kupita kumanja. Dengalo linatha, ndipo lina silinabwere. TV inangoti bii, kanyimbo kanakakamira pa liwu limodzi, kabambo kaja kakupalasa miyendo mumdima popanda popita.

"Mwaononganso chiyani?"

"Sindinaononge kanthu," anatero a Hokazono. "Kulibe."

"Kulibe chiyani?"

"Gawo la sikisi. La seveni. La eyiti. Mulibe mukasetimo. Simunakhalepo."

Mayi Nagamine anatsitsa voliyumu. A Hokazono anayamba kufotokoza maso ali pansi. Chaka chimenecho tizipangizo tikulutikulu tosungira gemu m'kaseti tinasowa, makampani akuluakulu atasesa tonse. Bwana anapeza ting'onoting'ono, tokwana magawo asanu okha. Koma makatoni anali atasindikizidwa kale, olembedwa kuti magawo asanu ndi atatu, ndipo masitolo ankadikira.

"Ndinawafunsa bwana kuti titani. Anangoti, 'Uona chochita, Hokazono,' n'kunyamula ndodo zawo za gofu. Ndiye ndinachotsa atatuwo, n'kuwonjezera kabokosi kamodzi kuti pasapezeke wofika kopanda kanthuko."

"Dala?"

"Dala."

Mayi Shiraishi anatembenukira kwa Mayi Nagamine, kufuna mnzawo wodabwa naye. Anapeza munthu akusalaza malaya osalala kale.

"Inunso mumadziwa?"

"Okonda gemuyi anaitsegula kaseti kalekale, mayi. Zinalembedwa pa intaneti. Aliyense amadziwa."

"Aliyense."

"Timayesa mwina inunso... Pepani kwambiri."

"Ana anga?"

Mayi Nagamine anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda tebulo. Ulemu wina umapweteka kuposa mbama. Dziko lonse linkadziwa, ndipo dziko lonse linagwirizana kuti si bwino kumukhumudwitsa mayiyo, angomusiya azilemba makhadi ake.

"Nanga inu pakamwa panatupa?" anatero Mayi Shiraishi mwaukali, atatembenukira kwa a Hokazono. "Sitampa inakusowani?"

"Munali mutangokwatiwa kumene. Mkwatibwi samutumizira nkhani yotere."

"Chaka chinacho?"

"Munali ndi khanda."

"Chinacho?"

"Panali patapita nthawi. Ndinaona kuti bola muziti ndine wosadziwa kuwerenga."

"Bola! Tamumveni! Ndakutukwanani pophika, ndakutukwanani pochapa, amuna anga anamwalira akudziwa dzina lanu kuposa la dokotala wawo, inu mukuti bola?"

"Pepani."

"Pepani wanuyo mumuvale pachifuwa. Mapepala anga ali kuti? Makina a lero malo ali nawo ambiri, alowetseni."

A Hokazono anakoka mpweya m'mano, ndipo Mayi Shiraishi anadziwiratu yankho. Kampani ija itatsekedwa, zonse za m'makabati zinapita ndi galimoto ya zinyalala. Kope imene iwo anasunga inali ya pepala limodzi lokhali, la mlanduwo. Anayesa kukumbukira magawo ajawo, koma m'mutu munangobwera zidutswa: chumuni, mlatho wa matabwa, masitepe a kachisi. Akanati ajambulenso akananama. Apa ndiye ukali unawathera, panatsala chisoni chokhachokha. Anayenda ulendo wonsewu kudzatsegula chitseko cha nyumba yoti inagumulidwa iwo asanavule n'komwe zovala zaukwati.

"Mpatawo utsala mmene ulili, mayi," anatero Mayi Nagamine motsitsa. "Palibe koti tiwapititse anthu."

"Ndamva. Sindine wogontha."

Anapinda pepala lawo, nalibwezera m'chikwama. A Hokazono anatsokomola.

"Gawo la seveni munachulutsa akhwangwala."

Mayi Shiraishi anaima, dzanja lili pazipi. "Mwati bwanji?"

"Anali ambiri. Munthu sumapuma."

"Mwadziwa bwanji inu?"

"Ndinali nditalowetsa kale onse atatu bwana asananene. Anakhala m'makina anga masiku awiri."

"Munasewera?"

"Ndinasewera."

"Mpaka kukachisi?"

"Kakhumi ndi kamodzi. Ndimati ndifufute, ndimayambiranso. La eyiti lija, pamene nyali za m'tawuni zimaoneka pansi iwe ukukwera masitepe..." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Sindinaonenso gawo lotero, m'gemu ya aliyense."

Mayi Shiraishi anakhala pansi. Anafuna kumugenda ndi kapu munthuyu. Zaka zonsezi ankalakalaka wina atawauza mawu amenewa, ndipo mwiniwake wa mawuwo ankawatumizira nsungwi.

"Akhwangwala amenewo anali ndi chifukwa chake," anatero.

"Mwina."

"Palibe za mwina. Sendezani makapuwo. Mufotokoze bwinobwino, kuyambira denga loyamba la sikisi, osadumpha kanthu."

"Mayi, sitima yanu ija ndi ya folo koloko," anakumbutsa Mayi Nagamine.

"Ipite. Njanji sainyamula."

A Hokazono anasendeza makapu, naika chala chawo chowonda kumapeto kwa tebulo. "Poyamba pali denga la nyumba yosambira. Lotsetserekera kumanzere."

"Kumanja."

"Kumanzere, a Shiraishi. Umayenera kuthamanga mokwera, apo ayi ugwera pachumuni."

Anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anapeza kuti sakudziwa. Analijambula okha dengalo, komabe mwa awiriwo amene anayendapo anali mmodzi. Anatseka pakamwa, nakokera mpando pafupi.

"Pitirizani," anatero. "Koma pang'onopang'ono."