Ng'oma Yotsimphina

"Iwe Latif, ukundinyoza ndi ng'oma yakoyo!"

Jaffalie anaima pakati pa bwalo, mzere wonse wa beni n'kuunjikana kumbuyo kwake. Chigwereni pa njinga yamoto pamsewu wa ku Katuli, mwendo wake wamanzere unkachedwa pang'ono. Ndiye lero ng'oma yaikulu nayo inkachedwa pomwepo, mpaka anyamata a miyendo yabwinobwino anayamba kutsimphina limodzi ngati apangana.

"Si kunyoza, achimwene," anatero Latif, woyimba ng'omayo.

"Nanga n'chiyani? Chikondi?"

Che Nasir, mkulu wa gululo, analowererapo. "Ukwati tikavine ku Namwera uja ndi Loweruka lomweli. Jaffalie, pita kumbuyo kwa mzere, kutsogolo kubwere Willard."

Jaffalie mtima unamuwawa, poti kutsogoloko anayamba kuvinako asanamere ndevu. Koma kanthu kena kanamuzunguza kuposa mkwiyo. Latif ankayimba atatsinzina, osayang'ana phazi la munthu.

"Umadziwa bwanji pamene ndichedwe, maso ali chitsinzinire?"

"Ng'oma imagona kwa Che Nasir, kwathu ndilibe," anayankha Latif. "Ndimayeserera m'mutu ndikamapalasa kabaza. Anzanga amawerenga kugunda kwa ng'oma, ine kuwerenga kumandisokoneza. Ndimangoona mapazi anu akuponda fumbi, zala zanga n'kumagunda handulo. Mayi wina anachita kutsika panjira, ati sangakwere njinga ya wamisala."

Anyamata anaseka. Jaffalie anasendera pafupi.

"Umaona mapazi okha? Nkhope ayi?"

"Nkhope yanu ndiitani, achimwene? Mapazi basi. Mutatuluka m'chipatala ndinayesa kuwaona monga ankapondera kale. Anakana."

"Kuyambira mawa uziona a Willard," anadula Che Nasir.

"Ndinayesa kale. Ndikanyamuka nawo kumsika amayenda bwino, koma pofika pamlatho asanduka a achimwenewa."

Jaffalie anayang'ana phazi lake lamanzere ngati akuliona koyamba. Anaponda kawiri pansi. Latif, atatsinzinanso, anagunda kawiri, kuchedwa kwake komweko.

Apo Jaffalie anatembenukira kwa mkulu uja.

"Mwadzionera nokha. Kaya mundiika kumbuyo, kaya mundisiya pakhomo, ng'omayi iyimba mwendo wanga. Anyamatawa avina nayo, palibe amene waphonya, ngakhale mmodzi. Ndiye amene walakwitsa gule pano ndani, kuti ine ndichoke kutsogolo? Musayang'ane kumbali, Che Nasir. Ndiyankheni!"