Njira ya kwa Abambo

"Ndiye mawa apita ndani?" anafunsa alamu, akupinda nsalu ya patebulo.

Achimwene aakulu ankazunguza makiyi a galimoto pachala. Mzime, wotsiriza kubadwa m'banjamo, ankayang'ana njinga imene inatsamira khoma la pakhonde. Mwini wake, mchimwene wake wachiwiri, mwamuna wa alamuwo, anagwa kuntchito ndi matenda a mtima, ndipo anali atangoikidwa dzana.

Funsolo linali lokhudza abambo awo. Chiwagwireni sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, koma anakanitsitsa kuchoka m'nyumba yawo kutsidya kwa mzinda. Masana ankawaona ndi mayi woyandikana nawo. Kuwasambitsa ndi kuwameta m'mawa inali ntchito ya malemu, amene ankapitako panjinga asanalowe kuntchito.

"Ine m'mawa ndimaperekeza ana kusukulu," anatero achimwene aakulu. "Tingowanyamula basi, abwere kuno kapena kwa Mzime."

"Kuwanyamula ngati thumba?" anatero Mzime. "Mukudziwa kuti akana."

"Nanga iwe uli ndi nzeru ina? Kumeneko basi ndi yosintha pakati panjira. Uzikafika kuchipatala kwakoko dzuwa lili pamutu, zochapa zitaunjikana, akuchotse ntchito."

"Ndipita panjinga."

Achimwene aakulu anaseka kamodzi, mosakondwa. "Unakwera liti komaliza iwe? Mipando ya pamaliro sitinabweze n'komwe, ukufuna tingoisunga? Komanso mwana wamkazi n'kumasambitsa bambo ake, unaziona kuti?"

"Mwana wamwamuna alipo. Kungoti amaperekeza ana kusukulu."

Makiyi anasiya kuzungulira. Achimwene aakulu anaimirira, n'kutuluka osatsanzika, ndipo galimoto inalira panja mwaukali.

"Alamu, ankadzera kuti?" anafunsa Mzime patapita kanthawi.

"Sindidziwa, mlamu. Ankangoti msewu waukulu sapondamo. Ine sindinafunsepo." Anapukuta m'maso ndi nsalu ija. "Njingayo tenga. Koma ukandipweteka mtima kachiwiri sindidzakukhululukira."

Masana Mzime anakankha njinga mpaka kwa okonza njinga kuti amutsitsire chishalo. Akudikira anafunsa mapu a pafoni, koma foniyo inajambula mzere umodzi wowongoka m'msewu waukulu womwewo, wa mathiraki. Bambo wokonza njingayo anasuzumira, n'kupukusa mutu. Anatulutsa m'kabati mapu apepala amene gulu lina la okwera njinga linamusiyira kuti azigawira anthu. Njira za njinga zinali zobiriwira. Mzime anatsatira mzere ndi chikhadabo, kudutsa kuseri kwa msika, m'mbali mwa njanji, mpaka pamtsinje. Apo mzere unathera, n'kukayambiranso kutsidya.

"Nanga apa amawoloka bwanji?"

"Kaya, mwina ojambulawo ali ndi mapiko," anatero bamboyo akumanga nati. "Achimwene anu ankawolokera chakumeneko ndithu, koma malo enieni sanandiuzepo. Pepani ndi zovutazi, achemwali."

M'mawa mwake ananyamuka kutangoyera. Chiwongolero chinkamunjenjemera m'manja, ndipo mawondo anayamba kuwotcha asanathe n'komwe msewu wa kwawo. Njira yobiriwira ija inalipodi, koma kuseri kwa msika anthu anaimikamo magalimoto, moti ankatsika ndi kukweranso ngati wophunzira. M'mbali mwa njanji munali phee, ndipo kwa nthawi yoyamba anapuma bwino.

Kenako njira inathera pampanda wawaya. Kumanzere kunali mlatho waukulu, mathiraki akutsatizana ngati nyerere. Anayang'ana mapu, anayang'ana foni, zonse sizinamuuze kanthu. Analuma mano n'kulowa.

Sanafike ngakhale pakati. Thiraki ina inamudutsa pafupi kwambiri, mphepo yake n'kumukankhira kuchitsulo cha m'mbali. Bondo linakhula konkire. Wina kumbuyo analiza hutala, n'kumutukwana pawindo. Anakoka njinga chobwerera m'mbuyo mpaka anakakhala pansi pampanda paja. M'thumba foni inayamba kulira. Anali achimwene aakulu. Anaiyang'ana mpaka inasiya yokha.

"Njinga iyi ndikuidziwa," anatero mayi wina wosesa msewu, ataima ndi tsache lake. "Eni ake ali kuti? Masiku ano sakuoneka."

Mzime anawauza. Mayiwo anagwira pakamwa.

"Ndiye inu mumafuna kuwafera pamlatho? Iwo sankadzera uko. Bwererani pang'ono, mulowe kanjira ka kuseri kwa fakitale ya matabwa. Pali kamlatho ka oyenda pansi, pafupi ndi paipi ya madzi. Mutsike, mukankhe, matabwa ena ndi ogwedera."

Kanjirako pamapu panalibe. Kankanunkha utuchi wonyowa, ndipo pamatope panali mizere ya matayala a njinga yambirimbiri. Atawoloka anapeza mzere wobiriwira uja ukumudikira kutsidya ngati sunalakwe chilichonse.

Anafika kwa abambo dzuwa litakwera, magazi ataumira pabondo. Anagwetsa njinga pageti, anatsegula chitseko ndi kiyi wa malemu, n'kulowa mothamanga.

"Abambo, ndabwera! Pepani ndachedwa, njira..."

Abambo anali m'mphepete mwa bedi, akulimbana ndi dzanja lamanzere kukoka nsalu yonyowa pansi pawo. Buluku louma linali litafika m'mawondo. Atamuona anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Tuluka."

"Ndikuthandizeni, abambo. Kuntchito ndimachapa zoposa izi."

"Ndati tuluka!" Mawu ankatuluka mbali imodzi ya kamwa, olemera. Anapumira m'mwamba, akuyang'anabe khoma. "M'bale wako sankalowa chonchi. Ankaliza belu pageti, kenako n'kuyamba kupopa matayala. Matayala osaphwa n'komwe, ndinkamuona pawindo. Ankapopa mpaka nditsokomole. Akalowa, ankapeza munthu atakhala pampando, nsalu zili m'beseni, ndipo sanafunsepo kuti zanyowa bwanji."

Mzime anabwerera chafutambuyo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Pageti anadzutsa njinga ija, n'kuimika bwino. Foni inaliranso, achimwene aakulu omwe aja. Ulendo uno anayankha.

"Ndafika," anatero. "Mawa ndibweranso. Loweruka ana sapita kusukulu, mubwere ndinu. Ndikuuzani kalowedwe kake."

Anadula asanayankhidwe. Analiza belu, anamasula pampu pachitsulo cha njinga, n'kugwada pafupi ndi tayala lakutsogolo, msana atalozetsa kuwindo. Tayalalo linali gwa. Anapopa choncho pang'onopang'ono, khutu lili kunyumba.